Tchuthi chake ndi cha ndani?

Sukulu zikangotsekera mu Disembala, ife makolo a kuno ku Salima mtendere umatha. Abale a ku Lilongwe amakumbukira mwadzidzidzi kuti tili kufupi ndi Senga Bay, basi ana awo ali mbwembwembwe kutsika minibasi, ngakhale paketi ya shuga osanyamula. Ufa ukutha mwezi usanafike pakati, koma mlendo ali, "Amalume, lero usipanso? Chambo bwanji?" Mtengo wa chambo akuudziwa ameneyu?

Chondiwawa kwenikweni ndi bawo langa. Ndikaweruka kumunda, dzuwa la kunoli litandiwamba, ndimafuna ndikhale pansi pa mtengo wa mango tisewere ndi aneba. Nkhomo mulibe! Ana alasira mbalame ndi malegeni. Foni nayo alanda, bandulo yonse yathera pa TikTok.