Madzi si ambulera, inu osambira kutchuthi

Koma abale nzeru mumazisiya kunyumba mukamapita kutchuthi? Dzulo ndaona mnyamata wandevu zake bwinobwino wangobwera kumene kunyanja, akuyenda manja atatambasula, shati ili paphewa chifukwa ikangokhudza msana akukuwa. Msana wonse matuza okhaokha ena aphulika kale akuchucha madzi, pankhongo pakusupuka, kuseri kwa mawondo kwatupa moti pampando sakukhalapo. Ati amaonera nsomba. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ali chafufumimba pamwamba pa madzi, magalasi kumaso kapaipi kopumira kukamwa, msana uli pambalambanda ndipo anzake onse anali pomwepo palibe anamuuza kuti aise tuluka.

Ukawafunsa mayankho ake ndi omwe aja. "Sindimamva kutentha." Mukanamva bwanji madzi akukuziziritsani? Dzuwa limakuotchani mwakachetechete, ululu umadzabwera usiku ndipo mawa lake ndiye zimanyanya. Cheza cha dzuwa chowotcha khungu, chotchedwa UV, chimalowa ndi m'madzi momwe, theka la mita pansi chimakhala chikadalipo pafupifupi 40 peresenti, nanga inu amene msana uli kunja? "Kunali mitambo." Ndani anakunamizani kuti timitambo topyapyalato timatchinga? Wina ndiye amachita kudziguguda pachifuwa, ine ndi wakuda sindipsa. Mumapsa bambo, kungoti kufiira sikuoneka msanga, dikirani khungu liyambe kusupuka muone. Khansa ya pakhungu imagwiranso anthu akuda, ndipo kwa iwo imapezeka mochedwa chifukwa cha matama omwewa.

Odzola sunscreen, mafuta oteteza khungu kudzuwa, nawonso amandikwiyitsa. Kadontho pamphuno, kena pachipumi, pomwepo chubwi m'madzi, basi ndadziteteza tsiku lonse! Mafutawo amafuna mphindi 20 kuti agwire musanalowe m'madzi, akhale a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza), ndipo munthu wamkulu thupi lonse amafunika mamililita 30, osati zongonyambititsazo. Ngakhale aja olembedwa kuti sachoka ndi madzi, tawerengani pabotolopo, ndi mphindi 40 kapena 80 basi. Mwatuluka mwapukuta ndi thawulo mwachotsa zonse, kudzolanso ayi. Makutu, milomo, dazi, akatumba, pamwamba pa mapazi mwasiyira ndani? Msana umene dzanja lanu silifika mukuchita manyazi kupempha mnzanu akudzoleni, koma manyazi omwewo amathawa mukamamupempha kuti akupepeseni matuza.

Chimene sindimvetsa n'chakuti malaya osambirira a manja aatali alipo, aja olembedwa UPF 50 kusonyeza kuti amatchinga kwambiri cheza cha dzuwa, savuta kupeza, sakokoloka ndi madzi, koma ayi, ati zithunzi za pa Facebook sizikongola. Ena amavala tisheti yoyera yopyapyala, ikanyowa dzuwa limangodutsa. Ndipo bwanji mumasankha masana enieni, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pamene dzuwa lili paliwombo? Kodi nsomba m'mawa zimakhala zitapita kuti?

Za ana ndiye ndisayambe. Kamwana kali mbulanda pamchenga tsiku lonse opanda chipewa, makolo ali pansi pa mthunzi botolo kumanja. Khanda losakwana miyezi 6 siliyenera kukhala padzuwa m'pang'ono pomwe. Wina akumwa doxycycline wopewera malungo paulendo, mankhwala oti amapangitsa khungu kupsa msanga, kapepala kam'bokosi sanawerenge. Mwatenga mnzanu wachialubino mwamusiya pabwato lopanda denga maola onse inu mukuseka m'madzi, umenewo ndi ubwenzi?

Mukapsa ndiye misala ina, kuboola matuza ndi singano, kupaka batala, mankhwala otsukira mano, mawa lake kubwereranso padzuwa chifukwa tchuthi mwalipira kale. Munthu akunjenjemera, akusanza, mutu waukulu, inu mukuti apume zitha, osathamangira naye kuchipatala.

Ndinu akuluakulu inu. Valani malaya.