Achinyamata inu, ufulu mukuutchulawu ndi uti?

Loweruka lapitali tinali pa maliro a mayi wina wa mumpingo mwathu, ndipo zimene ndinaona kumeneko zandisowetsa tulo mpaka lero. Pamene amayi a Mvano ankaimba m'nyumba ya siwa, anyamata anayi anali atakhala kuseri pansi pa mtengo wa mango, botolo la kachasu likuyenda m'manja, maso ali pa foni kuona ngati timu imene anaibetchera yagoletsa. Mmodzi mwa iwo ndinamuona ndi maso angawa akubatizidwa, ndipo zaka ziwiri zapitazo ndiye ankayambitsa nyimbo mu kwaya. Mkulu wa mpingo atapita kukawadzudzula modekha, mnyamatayo sanadzuke n'komwe, anangoyankha ali chikhalire kuti: "Madala, za mapempherozo ndinasiya, panopa ndine mfulu, palibe wondiuza zochita."

Mfulu? Munthu amene sangagone osalawa mowa ndi mfulu ameneyo? Amene ndalama ya ganyu imathera pa kubetcha dzuwa lisanalowe, amene amazemba njira ya kumsika poopa mwini katapila, amene mayi ake anagulitsa mbuzi kuti akamuwombolere foni imene anapinyolitsa, akutiuza ife kuti palibe womulamula? Mabwana ali nawo ambiri kuposa amene anali nawo ali mu kwaya, kungoti awa samudzutsa m'mawa kuti apemphere.

Mawu akuti ufulu musamawaseweretse pamaso pa ife amene tinaima pa mzere pa 14 June 1993 kukasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Chaka cha 1992, pamene pakamwa pa aliyense panali potseka ndi mantha, amene anayamba kulankhula poyera anali maepiskopi a Katolika, ndipo kalata yawo yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi momwemo m'mene inu lero mukuti ndi m'ndende. Kodi mukuganiza kuti kulimba mtima kumeneko anakutenga ku bala?

Ambuye Yesu ananena mosabisa pa Yohane 8 kuti aliyense wochita tchimo ndi kapolo wa tchimolo, ndi kuti munthu amakhala mfulu ndithu pokhapokha Mwana atamumasula. Pa Yohane 15 anati Iye ndiye mpesa, ife ndife nthambi, ndipo popanda Iye sitingathe kuchita kanthu. Mtengo wa mango umene anyamata aja anakhala pansi pakewo unali ndi nthambi imene inathyoka ndi mphepo, ili lende, masamba ake akadali obiriwira ndithu, timango tating'onoting'ono tili pomwepo. Mwana wosadziwa angati nthambiyo ili moyo, mwinanso angati yapeza mpumulo posiyana ndi thunthu. Pitani mukaione sabata ya mawa. Idzakhala itauma gwa, timango titayoyoka, ndipo amayi adzaitola kukasonkhera moto. Chimene chimakupusitsani n'chakuti munthu akasiya kupemphera safota tsiku lomwelo. Amayamba wanenepa kaye, akuseka mokweza, akunyoza anzake amene akupitabe ku Sande Sukulu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndipo musaganize kuti ndikunena achinyamata okha, chifukwa makolo enanu ndinu oyamba kulakwa. Bambo amene Lamulungu m'mawa ali pa bawo, Baibulo lake lili pansi pa wailesi litachita fumbi, adzamuuza chiyani mwana wake? Mayi amene amathamangira kwa mneneri aliyense wobwera kumene kukagula mafuta ndi madzi odzozedwa, koma kunyumba kwake sanagwadepo ndi ana ake ngakhale usiku umodzi, walumikizana ndi Mulungu kapena ndi botolo? Aisraeli anatuluka mu Iguputo maunyolo atadukadi, koma Mose atangochedwa pa phiri anasungunula ndolo zawo n'kupanga mwana wa ng'ombe woti azimugwadira. Paulo anachenjeza Agalatiya kuti anaitanidwa kuti akhale mfulu, koma ufuluwo asausandutse mpata wokondweretsa thupi. Mwawerenga liti zimenezi, inu amene vesi mumaliona pokhapokha wina akalitumiza pa WhatsApp?

Mnyamata uja, titafika kumanda, anakanika ngakhale kugwira fosholo chifukwa miyendo inali ikunjenjemera, mpaka adzukulu anamukankhira pambali pamaso pa anamfedwa. Agogo ake anaphimba nkhope ndi chitenje. Lamulungu likubwerali belu likalira, dzuka ukasambe, ubwere udzakhale pa benchi pako.