Mdima wotetezedwa: Namibia ndi South Africa amasiyana pati?

Namibia ndi South Africa amachita malire pa mtsinje wa Orange ndi m'chipululu cha Kalahari, ndipo onse awiri ali ndi malo amene mdima wa usiku amausamala ngati mmene ena amasamalira njovu. Koma kasamalidwe kake n'kosiyana, ndipo munthu wofuna kukaona nyenyezi amakumva kusiyanako m'thumba komanso pa mwezi wonyamukira.

Ku Namibia anayamba ndi eni malo. NamibRand Nature Reserve, m'mphepete mwa chipululu cha Namib, kale anali mafamu a nkhosa. Eni ake anazula mipanda n'kuwaphatikiza, ndipo lero ndi mahekitala pafupifupi 200,000. Mu 2012 bungwe la ku Arizona limene pano limatchedwa DarkSky International linavomereza malowa kukhala International Dark Sky Reserve, kutanthauza malo otetezedwa chifukwa cha mdima wake, oyamba mu Africa muno. Limeneli si lamulo la boma ayi, ndi pangano. Eni malo amawerenga mababu onse apanja, n'kuwaveka chophimba kuti kuwala kuzigwera pansi, osati kumwamba kapena cham'mbali. Babu lizikhala lachikasu, losaposa 3000K pa muyeso wa mtundu wa kuwala (nambala ikamakwera kuwala kumayera), chifukwa kuwala koyera mbee kwa ma LED kumamwazika kwambiri mumpweya n'kuchititsa thambo kutuwa. Mdima nawo amauyeza ndi kachipangizo kotchedwa Sky Quality Meter: nambala ikamakwera ndiye kuti kwada. Pakati pa mzinda waukulu kamaonetsa 17 kapena 18, pamene m'chipululu chenicheni kamayandikira 22. Chaka ndi chaka amatumiza lipoti, ndipo akalekerera ulemuwo ukhoza kuchotsedwa.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti pamalopo mdima ndi wokwanira, palibe babu losokera. Vuto lake ndi geti. NamibRand ndi malo a eni, sumangolowa n'kuimika galimoto. Uyenera kusungitsa malo ogona kapena omangapo tenti, ndipo ambiri mwa malo ogonawo mtengo wake ndi wa alendo olipira madola. Ulendo wochokera ku Windhoek umadya pafupifupi tsiku, mbali yaikulu pa msewu wa miyala umene suchitira chifundo matayala.

South Africa inadzera ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2007 inakhazikitsa lamulo la Astronomy Geographic Advantage Act, ndipo cholinga chake sichinali alendo koma sayansi. Pafupi ndi tauni ya Sutherland, pa phiri lotalika mamita pafupifupi 1,800, pali telesikopu yaikulu ya SALT (Southern African Large Telescope) imene inatsegulidwa mu 2005. Galasi lake ndi la mamita pafupifupi 11, lolumikiza tizidutswa 91. Dera la makilomita 75 kuzungulira telesikopuyi ndi lotetezedwa ku magetsi owala ndi fumbi la ntchito zikuluzikulu monga migodi. Chakumpoto, kufupi ndi Carnarvon, mbale 64 za MeerKAT, telesikopu yotola mafunde ochokera mlengalenga, zimatetezedwa ku mdani wina, mafunde a wailesi ndi mafoni.

Mlendo amangodyera limodzi ndi asayansi. Sutherland ndi tauni wamba, ya nyumba zogona alendo za mitengo yosiyanasiyana, ndipo kuchokera ku Cape Town ndi maola anayi pa tala, kukhota pa Matjiesfontein. Dziwani izi musananyamuke: pa SALT palibe poikapo diso. Imajambula ndi makina, ndipo alendo amaiona masana okha. Usiku amaonetsa anthu pa matelesikopu ang'onoang'ono, mwa kusungitsiratu malo, ndipo kukachita mitambo ndiye basi. M'tauni momwemo muli magetsi a mumsewu, choncho wofuna mdima weniweni atuluke makilomita angapo.

Njira ya pangano ija iliponso ku South Africa. Mu 2019 !Ae!Hai Kalahari Heritage Park, nthaka ya anthu a ǂKhomani San ndi a Mier mkati mwa Kgalagadi Transfrontier Park, inavomerezedwa ndi bungwe lomwe lija. Kumeneko n'kumchenga, kofuna galimoto yokoka matayala onse anayi.

Nkhani ya nyengo ndi imene imagwetsa ambiri. Pakati pa mlalang'amba, pamene nyenyezi zathithikana ngati utsi, pamadutsa pamutu penipeni cha m'ma 10 koloko usiku mu Julayi. Miyezi imeneyo ku NamibRand kumakhala kouma, mitambo ndi yosowa, chifukwa mvula yawo yochepayo imagwa makamaka Januwale mpaka Epulo. Sutherland ndiye imalandira mphepo yozizira yochokera kunyanja ya Atlantic, yobwera ndi mitambo, nthawi zina ndi chipale chofewa, ndipo ndi limodzi mwa matauni ozizira kwambiri m'dzikomo. Wopita ku Sutherland mu Juni kapena Julayi akonze usiku utatu kuti umodzi ukhale wake. Pa mdima wa maso okha, m'nyengo imeneyi Namibia ikuposa. Kwa wa thumba lopyapyala amene akufunanso womulozera, Sutherland ndiyo yotheka.

Mwezi sudziwa lamulo kapena pangano. Ukakhala wathunthu, ndalama zonse zalowa m'madzi. Sankhani masiku anayi kapena asanu mwezi usanakhale, kapena atatu oyamba utangokhala, pamene umalowa msanga.

Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni kamodzi kumabweza ntchito yonseyo pambuyo. Tochi ikhale yofiira. Ngati mulibe, kulungani pulasitiki wofiira kawiri pa tochi wamba n'kumanga ndi mphira. Telesikopu si yofunika poyamba. Magalasi oonera patali a maso awiri, a 10x50, amaonetsa bwino gulu la nyenyezi zothithikana la Omega Centauri ngati kampira ka thonje, ndipo pambali pa nyenyezi za Southern Cross pali chigamba chakuda bii chotchedwa Coalsack, chooneka ndi maso okha. Timilalang'amba tiwiri tooneka ngati timitambo, totchedwa timitambo ta Magellan, timakhala m'munsi madzulo a Julayi. Wotifuna titakwera apite mu Novembala kapena Disembala. Mabatire a kamera amatha msanga pozizira, choncho lapadera lisungeni m'thumba lamkati mwa jekete, pafupi ndi thupi.