Inu oyankha imelo musanaone mchira wake, mudzasiya liti?

Lachiwiri lapitali mwana wa mchemwali wanga anafika kunyumba maso ali psuu, foni ili m'manja. Kuntchito kwawo anzake awiri ankalemberana za katundu amene anachedwa, mmodzi n'kulembapo kuti kasitomala uja ndi wovuta, angomunamiza kuti galimoto inafera panjira. Mwana wathuyu anatenga imelo yomweyo, kuikapo adiresi ya kasitomala, kulemba mzere umodzi waulemu pamwamba, n'kutumiza. Mchira wonse, mauthenga akale aja a mmunsi, unapita nawo. Kasitomala anawerenga mpaka pansi penipeni, ndipo lero mwanayu akuyankha mlandu wa mawu amene sanalembe iye.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, sunaone zimene zinali mmunsimo?" Akuti, "Malume, sizimaoneka." Sizimaoneka bwanji? Mu Gmail zakale zonse zimangobisala kuseri kwa timadontho titatu tija, kudinapo kamodzi zonse poyera. Mu Outlook zimachita kundandalikana pansi pa yankho lako. Maso muli nawo, chala muli nacho, chikukuvutani n'chiyani kufufuta zosamukhudza munthu? Kodi kalata ya papositi munkaitsekera mu envulopu limodzi ndi miseche yanu?

Nanga inu a Reply All, batani loyankhira onse olandira uthenga nthawi imodzi? Uthenga wa maliro wapita kwa anthu 60 a mu ofesi, wina n'kuyankha onsewo kuti "Ndalandira." Winanso "Zikomo." Wachitatu, poganiza kuti akulankhula ndi msungichuma yekha, akudandaula kuti chipepeso chake chichepa chifukwa wa katapila wamukhalira pakhosi. Anthu 60 amva, abwana amva, mpaka mwana wobwera dzulo kudzaphunzira ntchito wamva. Manyazi amenewo adzachoka ndi sopo wanji?

Musati n'zachabe. Mu Novembala 2016 ku England imelo yongoyesera inapita molakwika kwa ogwira ntchito za umoyo a NHS okwana 840,000. Ena anayankha onse kuti "ndichotsenimo," mpaka maimelo a zipatala anayamba kuyenda ngati nkhono. Anthu ophunzira amenewo, madokotala ndi manesi!

Palinso awa amene umawafunsa mafunso atatu, tsiku la msonkhano, malo ake, ndi ndalama, iwo n'kulemba "Eya" pamwamba basi, mmunsi atakokamo makalata khumi a mwezi watha. Eya wa funso liti? Ine nkhalamba ndizichita kufukula ngati ndikufuna mbewa, bandulo ikutha, magalasi ali pamphuno? Kutenga funso limodzi n'kuyankha pansi pake kumathyola dzanja?

Ndipo musadalire Undo Send, batani lobwezera imelo imene mwangotumiza kumene. Gmail ikakupatsani nthawi yaitali ndi masekondi 30 okha, akatha amenewo imelo ili m'foni ya mwini wake, aisunga, ndipo mlandu suola.

Mwana wanga uja walira mokwanira. Inuyo werengani mayina a olandira, tsikirani mpaka pansi, kenako mudine. Si ana inu.