Si mwayi ayi, ndi diso

Mwalemba zoona kuti womenya mpira pa kiriketi amayamba kuganiza mpira usanachoke m'manja mwa woponya. Dzulo lomweli timakangana pa Katoto, mnzanga akuti kumenya mpirawo ndi mwayi chabe. Mwayi wanji? Pakati pa mawiketi (timitengo tozikidwa kumbali ya woponya ndi ya womenya) pali mamita 20 okha, ndipo mpira wothamanga makilomita 140 pa ola umakupeza m'theka la sekondi. Ukati udikire kuuona bwinobwino, watuluka kale! Akatswiri amayang'ana phewa, dzanja ndi kagwiridwe ka mpira, kenaka maso amathamangira pomwe ukagunde pansi. Shoaib Akhtar, woponya wa ku Pakistan, anaponya wothamanga makilomita 161.3 pa ola mu 2003, tangoganizani. Koma ine amandigometsa ndi oponya mozungulitsa aja, mpira waulesi koma munthu n'kupusitsidwa ndi zala zokha. Ife kuno timangoyeserera ndi thabwa, mvula ya Mzuzu ikatilola.