Foni ikukana kuona kabokosi kali pamphuno pake

Zandinyansa zedi. Ndinagula waya wa Ethernet wa mamita 10, n'kuukhomerera m'mphepete mwa khoma, kuti kabokosi koonetsa mafilimu pa TV kasiye kuimaima ngati mmene kamachitira pa Wi-Fi. Zithunzi zinayamba kuyenda bwino, inde. Koma rimoti yake inasowa, ana akuti sakudziwa, ndiye ndadalira foni. Ndikatsegula app yoyendetsera kabokosiko, imangozungulira, kenako n'kunena kuti palibe chipangizo. Chonsecho kabokosiko kali apo, kanyali kake kakuwala!

Ndinathera madzulo onse pamenepo, nsima mpaka kuzizira. Kunyumba kuno tili ndi marauta awiri, zipangizo zogawa intaneti. Kabokosi kali pa yoyamba, nambala yake ya pa netiweki 192.168.1.20, pamene foni ili pa ya kuchipinda, 192.168.0.5. Uthenga umene foni imatumiza pofunafuna zipangizo sudumpha rauta, ndiye ziwirizi zinali ngati za m'midzi iwiri. Nditasintha rauta yachiwiri kukhala access point, kuti izingofalitsa netiweki ya rauta yoyamba osapanga yakeyake, zinaonana nthawi yomweyo.

Chondiwawa n'chakuti app ija sinanene chilichonse cha zimenezi. Mawu ochepa okha akanakwana. Iyo inkangolimbikira kuti ndizimitse n'kuyatsanso, ndipo ndinatero kasanu konse.