Chisanu cha ku Joni chikutipha m'zipinda zomwe timalipira lendi

June ndi July akafika, a zanyengo n'kulengeza kuti kukubwera mphepo yozizira kuchokera ku Cape, ife okhala m'zipinda zakuseri ku Diepsloot, Tembisa, Alexandra ndi Orange Farm timayamba kuopa kutsegula WhatsApp m'mawa. Uthenga wake ndi womwewo chaka ndi chaka: m'bale wathu anagona bwinobwino, sanadzuke, tiyeni tisonkhe kuti thupi lipite kumudzi. Nkhani ikafika kumudziko ayamba kulozana zala, ati amulodza chifukwa anatumiza ndalama za malata. Abale anga, mfiti tizisiye kaye. Wamupha munthuyo ndi mbaula, ndipo chamukankhira ku mbaulako ndi chipinda chomwe ankalipira mwezi ndi mwezi osadumpha.

Johannesburg ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene kwathu timaiopa. Chisanu chake n'chosiyana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje chobwera ndi mitambo ndi mawawa. Kuno kumwamba kumakhala mbee, mpweya ndi wouma, masana kumafunda mpaka madigiri 16 kapena 17, munthu n'kunamizika kuti zatha. Dzuwa likangolowa kutentha konse kumathawira kumwamba poti palibe mtambo wotchinga, ndipo kumazizira kwambiri cha m'ma 5 koloko mbandakucha, nthawi yomwe tikudzukira kuntchito. Masiku wamba a July kumatsika mpaka madigiri 4. Mphepo ya ku Cape ikadutsa kumafika pa 0 kapena kupitirira kunsi, ndipo usiku woopsa ndi wotsatira, mphepo itadekha, mitambo itachoka. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera kuzigwa ngati madzi, n'chifukwa chake m'mbali mwa mitsinje ya Jukskei ndi Klip madzi a m'beseni amadzuka atauma gwa. Kumeneko ndi komwenso kuli zipinda zotsika mtengo zomwe ife timakwanitsa. Pa 10 July 2023 mumzindawu munagwa sinowo, koyamba chigwereni mu 2012. Ena ankajambula zithunzi akusekerera, a m'mikhukhu ankaganiza za usikuwo.

Tachionani chipindacho. Malata m'mbali, malata pamwamba, simenti pansi, siling'i palibe. Lata silisunga kutentha ngakhale pang'ono, kunja kukakhala 0 m'kati mumasiyana pang'ono chabe. Mpweya womwe mukupuma ndi nthunzi ya mphika zikagunda lata lozizira zimasanduka madontho, n'kumadonthera pa bulangete usiku wonse, ndipo bulangete lonyowa limayamwa kutentha kwa thupi m'malo mosunga. A mastandi, eni ake zipindazi, akudziwa zonsezi. Lendi amatenga pa 1 osakhululuka, koma mukatchula siling'i yankho ndi lakuti ngati simukufuna tulukani, alipo ambiri akufuna chipinda. Pamwamba pake aika lamulo: hita ayi, ketulo ayi, mbaula yamagetsi izime ikakwana 8 koloko. Ndiye munthu ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi atani?

Pa nkhani ya hitayi tiwerengere limodzi, chifukwa pali chilungamo china chomwe ifenso sitifuna kumva. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi 2 pa ola. Mukayatsa maola 5 usiku uliwonse ndi mayunitsi 10, pamwezi 300. Tiyerekeze kuti yuniti akukugulitsani R3.50, ndiye kuti R35 usiku umodzi, kuposa R1,000 pamwezi, chikhalirecho malipiro otsikitsitsa a boma mu 2025 anali R28.79 pa ola, omwenso ambiri mwa ife sitiwalandira okwanira. Nyumba zambiri za m'lokishi zili ndi magetsi a ma ampu 20, omwe amanyamula mawati pafupifupi 4,600 basi. Chipinda chimodzi chayatsa mbaula ya mapuleti awiri, china ketulo, china ayironi, bureka yagwa, bwalo lonse mdima. Zikatere pamapezeka katswiri woti adumphitse bureka ndi kawaya kuti isamagwenso. Burekayo imagwa pofuna kuteteza waya. Mukaidumphitsa wayayo amatentha mwakachetechete kuseri kwa makatoni mpaka moto. Waya wopyapyala wa nyale, womwe a mastandi ambiri amakokera kuzipinda, sapirira hita. Ekisitenshoni yokulungidwa imatentha kuposa yotambasula, ndipo pulagi ikafunda m'manja kapena kununkha pulasitiki, zulani nthawi yomweyo.

Chomwe chimawawa n'chakuti mtengo wamagetsiwo umatipweteka kawiri. M'madera a City Power, kampani yamagetsi ya khonsolo ya Johannesburg, yuniti imakwera mtengo mita ikagula zambiri pamwezi, ndiye mita imodzi yodyetsa zipinda khumi imafika msanga pamtengo wapamwamba, a mastandi n'kuonjezaponso yawo. Mitengo ya makhonsolo imakwera pa 1 July, pakatikati pa chisanu. Mayunitsi aulere 50 pamwezi omwe boma limapatsa mabanja osauka amapita kwa amene ali m'kaundula wa khonsolo, mlendo wa chipinda chakuseri saawona. Kenako pali kuthimitsa magetsi m'mawa ndi madzulo m'madera omwe thiransifoma yalemedwa, ndipo ikaphulika anthu amakhala masabata mumdima. Lamulo la lendi la 1999 sililola a mastandi kukudulirani magetsi kapena kukutsekerani panja popanda chilolezo cha khoti, ndipo ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a lendi, kudandaula n'kwaulere. Koma amene pasipoti yake inatha masiku angayerekeze kupitako? A mastandi amadziwa mantha amenewa ndipo amadyerapo.

Ndiye munthu amagwira mbaula. Apa ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa bodza lomwe likutipha ndi limodzi: ati makala akapsa n'kufiira psuu, utsi utatha, ukhoza kuwalowetsa m'nyumba. Utsi wooneka ndi maso uja umakutsokomoletsa, umakudzutsa. Wakupha ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha, suoneka, suyabwa m'maso, ndipo makala ofiira aja amautulutsabe mpaka atasanduka phulusa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, thupi n'kumabanika munthu akupuma bwinobwino. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka miyendo ndi tulo tokoma. Wogona sazindikira chilichonse. Wodzuka amafuna kukatsegula chitseko koma miyendo yakana, n'chifukwa chake ena amapezeka atagwera pakhomo penipeni.

Wina anena kuti kwathu tinakula tikuotha moto m'nyumba osafa. Nyumba zakwathu zimapuma. Denga la udzu limatulutsa mpweya, pakati pa khoma ndi denga pali mpata, chitseko chili ndi ming'alu. Kuno chifukwa cha chisanu timamata kabowo kalikonse ndi nyuzipepala ndi mapulasitiki, pansi pa chitseko n'kutsekapo ndi chiguduli, chipinda cha mamita atatu mbali zonse n'kukhala ngati botolo lotseka. Malasha ogula m'lokishi nawonso ndi chimodzimodzi. Mbaula iotheni panja, ikatha ntchito ithimitseni ndi madzi panja pomwepo. Kutsegula zenera pang'ono sikokwanira kuti mugone nayo. Hita ya parafini ndi ya gasi nazonso zimadya mpweya wa m'chipinda: ziyake muli maso, zenera lili ndi mpata, zizime musanagone. Lawi labwino la gasi ndi lobiriwira ngati thambo, likayamba chikasu ndi mwaye ndiye kuti silikuyaka bwino. Silinda ya makilogalamu 9 pa hita ya mapanelo atatu onse oyaka imatha m'maola pafupifupi 30, choncho yatsani panelo imodzi. Poyesa ngati gasi akutuluka, pakani thovu la sopo pa paipi ndi polumikizira, osayesa ndi machesi.

Mukapeza mnzanu wakomoka m'chipinda muli mbaula, tsegulani chitseko chonse, mukokereni panja msanga osachedwamo inuyo, mugonekeni chammbali, imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177. Mkaka sutsuka mpweya umenewu, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kumangomutsamwitsa. Mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala, ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino, chifukwa ubongo ndi mtima zimatha kuonetsa vuto pakapita masiku. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati palibe woyenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi, silifunsa za pepala. Tikudziwa kuti pali magulu omwe amaima pazipata za makiliniki kuthamangitsa alendo, ndipo mantha amenewo achititsa anthu kusunga wodwala m'nyumba mpaka kuzizira. Pa nkhani ya mbaula musadikire kuti kuche.

Chotsika mtengo ndi kufunditsa thupi ndi bedi, osalimbana ndi chipinda chonse chomwe kutentha kwake kukuthawira m'malata. Bulangete lamagetsi la bedi laling'ono limadya mawati pafupifupi 60, ndiye maola 8 sakwana theka la yuniti, pomwe hita ikanadya 16. Liyalidwe pansi pa shiti mosapinda, lisanyowe, ndipo la waya wothyoka litayidwe. A mastandi oletsa hita alibe chifukwa choletsera ili. Botolo la rabala la madzi otentha limafuna ketulo imodzi, yosakwana kota ya yuniti. Madzi akhale otentha koma osati obwadamuka, lidzadze magawo awiri mwa atatu, finyani mpweya musanatseke, likulungeni m'kansalu. Khanda musaliikire botolo, limapsa osatha kuthawa. Livekeni chipewa, likhale pachifuwa pa mayi khungu kwa khungu monga amaphunzitsira kuchipatala kwathu kwa ana obadwa masiku osakwana.

Matiresi apansi pa simenti ndi omwe amadwalitsa anthu ambiri. Simenti imayamwa kutentha usiku wonse, mungafunde mabulangete anayi pamwamba koma msana uli zii. Ikani mapaleti awiri, kapena makatoni osanjikiza katatu, ndipo bulangete limodzi lipite pansi panu. Makatoni okhomera kudenga ndi m'makoma, atasiya kampata pakati pawo ndi lata, amasintha chipinda kwambiri, koma ndi nkhuni zodikira moto, choncho pasakhale katoni, katani kapena chovala pamtunda wosakwana mita kuchokera pophikira. Kandulo idulidwe pakati, iikidwe m'botolo lagalasi muli mchenga pansi. Pakhomo pakhale chidebe cha mchenga, chifukwa moto wa parafini ukathiridwa madzi umayandama n'kufalikira. M'mikhukhu yogundana malata moto wa chipinda chimodzi umamaliza mzere wonse ozimitsa asanapeze polowera. Ndipo parafiniyo musasunge m'botolo la chakumwa, ana amamwa. Akamwa musamusanzitse, masanziwo amalowetsa parafini m'mapapo, thamangirani kuchipatala.

Kuntchito nako chisanu chimatidya. Kapinga sakula nthawi ino, ndiye mabwana amadula masiku a wogwira m'munda, wa masiku atatu n'kutsala ndi limodzi, mwezi womwe magetsi ndi parafini akufuna ndalama zambiri. Alonda amachezera m'kanyumba ka matabwa popanda chofunda, ndipo ena mwa omwe mbaula imawapha ndi amenewa, poti amadzitsekera nayo cha m'ma 3 koloko. Omanga amanyamulidwa kumbuyo kwa bakkie, galimoto ya pikapu, 6 koloko m'mawa, mphepo ikudula makutu, bwana ali kutsogolo yekha ndi mpando wopanda munthu pambali pake. Zovala zopyapyala zitatu zimafunda kuposa jekete limodzi lalikulu chifukwa mpweya wa pakati pake ndiwo umasunga kutentha. Chipewa chaubweya, magolovesi, masokosi awiri, nyuzipepala m'gambuti. Malaya a thonje akanyowa thukuta asinthidwe ntchito ikangotha. Majekete a kaunjika ku madunusa a m'tauni gulani mu March kapena April, chifukwa June akafika mtengo umalumpha.

Mowa ndiye bodza lina. Ukamwa umamva kufunda chifukwa magazi athamangira kukhungu, komwe kutentha kumatayikira msanga, m'kati thupi likuzizira. Woledzera akagona panja usiku wa madigiri 0 akhoza osaona m'mawa. Munthu akayamba kulankhula molobodoka, kusokonezeka mutu, kenako n'kusiya kunjenjemera ali wozizirabe, ndiye kuti zafika poipa. Mulowetseni m'nyumba, muvuleni zonyowa, fundani chifuwa ndi mutu poyamba, osamutikita manja ndi miyendo, osamuyandikiza pamoto. Tiyi wa shuga apatsidwe ngati akutha kumeza yekha.

Inu akumudzi mumvenso. July akafika mwana wanu n'kutumiza zochepa, musamunene kuti walowerera kapena wapeza mkazi wina. Ndalamayo yapita ku mayunitsi ndi parafini, ndipo mukamupanikiza amasiya kugula magetsi n'kugula makala a R20. Nanunso matransipota, mumalandira ndalama zambiri kunyamula achinyamata kuchokera ku Mzimba ndi Mangochi, osawauza n'komwe kuti atenge chofunda. Basi imadutsa ku Mwanza, Tete kuli kotentha, mnyamata wavula jekete lake lokhalo n'kuliika pansi pa chikwama, Nyamapanda, Beitbridge, n'kudzatsika pa siteshoni ya Park Station ku Joni mbandakucha ali ndi malaya amodzi ndi masilipasi, foni ya womulandira siikupezeka. Ngati muli ndi m'bale akubwera pakati pa May ndi August, muuzeni bulangete, chipewa ndi nsapato zotseka zikhale m'manja, osati m'katundu wa kungolo, ndipo mukamudikire pamalopo basi isanafike.